ZA KULIMBITSA THUPI KWA IWO AMENE ALIKULEKA MOWA NDI CAMBA

Tinene mau pa nkhani imene yabvuta mabwalo a midzi yambiri.

Mlandu uwu suli wacilendo kwa inu. Munthu akaledzera napalamula, mumdzudzula pa bwalo, iye nalumbira kuti sadzalawanso kacasu kapena kusuta camba. Koma mwezi usanathe mumpeza yemweyo ali gone m'mbali mwa mseu. Ambiri anena kuti munthuyo ngwabodza. Ife tiyesa kuti kawiri kawiri analumbira ndi mtima woona, koma anasowa cocita ndi maola amene kale ankathera pa mowa, nasowanso abwenzi, pakuti anzace onse anatsala komweko. Akhala yekha pa khonde dzuwa lonse, cibaba cirikumluma, ndipo pofika madzulo miyendo imtengera kumene inazolowera.

Kuti tione umo ena analimbana ndi bvuto lomweli, tikuuzeni za munthu wa ku America dzina lace Scott Strode. Iyeyu anali kapolo wa mowa ndi wa mankhwala ochedwa cocaine, naleka zonsezi m'caka ca 1997 ali ku Boston. Zimene zinamcirikiza ndizo masewera a nkhonya ndi kukwera mapiri. M'caka ca 2006 anayambitsa ku Boulder, m'cigawo ca Colorado, bungwe lochedwa Phoenix Multisport, limene pambuyo pace linachedwa The Phoenix. M'menemo anthu oleka mowa ndi mankhwala athamanga pamodzi, apalasa njinga, anyamula zitsulo, nakwera matanthwe. Salipira ndalama, cofunika polowa ncimodzi cokha, kuti munthu akhale maola 48 osalawa coledzeretsa ciri conse. Ndipo ambiri a iwo otsogolera masewerawo ndi anthu amene anapulumuka mu msampha womwewo. Taonani nzeru yace ya lamulo limeneli: munthu akagwanso sapitikitsidwa kosatha, koma atadziletsa masiku awiri khomo limtsegukiranso.

Cifukwa cace thupi lithandiza mtima pa nkhondo iyi cidziwika. Mowa, fodya ndi camba zitakasa m'bongo mankhwala a cibadwidwe ochedwa dopamine, amene apatsa munthu kukondwa. Ndipo bongo ukazolowera zimenezi sukondwanso msanga ndi zinthu wamba. Ndico cace woleka mowa amva mphwayi, asowa tulo, nakwiya ndi zazing'ono. Kuthamanga ndi kugwira nchito yoturutsa thukuta kupeputsa nkhawa, ndipo kubweza tulo pang'ono pang'ono. Cibaba naco sicikhalitsa. Cidza ndi mphamvu, kenaka cizirala. Adrian Taylor ndi anzace pa sukulu yaikuru ya Exeter ku England anayesa anthu osuta fodya, napeza kuti kuyenda mwacangu mphindi 15 kucepetsa cibabaco panthawiyo. Muyeso wa masewera suli wolemetsa: bungwe la World Health Organization m'caka ca 2020 linalangiza akuru onse kulimbitsa thupi mphindi zosacepera 150 pa sabata, ndiko kunena theka la ola masiku asanu.

Koma ticenjeze Mafumu pa cinthu cimodzi, kuti tingaphe munthu pofuna kumthandiza. Amene wakhala alikumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akaleka mwadzidzidzi, akhoza kunjenjemera, kukomoka ngati wa khunyu, ndi kuona zinthu zimene palibe, makamaka tsiku laciwiri ndi lacitatu. Ndipo nthenda imeneyi imapha. Wotere asatumidwe kothamanga, koma aperekezedwe ku cipatala. Kuli cipatala ca Zomba Mental Hospital, kulinso a St John of God ku Mzuzu amene asamala anthu ogwidwa ndi mowa ndi camba. Masewera adza dotolo atatha kumuona, ndipo salowa m'malo mwa mankhwala kapena uphungu.

Cotero tiika pamaso pa msonkhano uno zopempha zitatu.

Coyamba, Mfumu iri yonse ipatule malo a bwalo la mpira ndi kuthamanga, niikire lamulo lakuti pamenepo pasagulitsidwe mowa. Tonse taona masewera a mpira amene atha ndi kuledzera m'mbali mwa bwalo. Bwalo lotere liri msampha kwa woleka mowa.

Caciwiri, masewera acitike madzulo ndi pa Loweruka, makamaka m'miyezi ya cirimwe zokolola zitalowa m'nkhokwe, pakuti ndiyo nyengo imene manja akhala opanda nchito ndipo mowa ucuruka. Akuru amene sakhoza kuthamanga ayende pamodzi, kapena agwirizane kulima dimba ndi kubzala mitengo.

Cacitatu, titsate lamulo la masiku awiri lija. Wogwa asasekedwe, asachulidwenso cidakwa pa gulu. Mmodzi wa iwo amene analeka kale apite kukamtenga kwao. Makolo anati, mnzako akapsya ndebvu mzimire, mawa adzazima zako.

Tipempha Mlembi alembe zitatuzi m'buku la Bungwe, ndi kuti pa msonkhano ulinkudza Mfumu iri yonse idzatiuze malo amene yapatula.