NKHALANGO YA BOMA ISUNGIDWA NDI MIDZI YOIZUNGULIRA



Nkhani imene ndabwera nayo lero ndi ya malo a Boma a m'boma lathu lino la Karonga, makamaka nkhalango zosungidwa monga Vinthukutu kufupi ndi Chilumba, Musisi, ndiponso zitunda za kumadzulo zimene zimatsikira kuchigwa cha m'mbali mwa nyanja. Mau anga ndi akuti nkhalango zimenezi sizingasungike ndi alonda a Boma okha. Zidzasungika pamene anthu a m'midzi yoyandikana nazo adzapatsidwa mphamvu ndi phindu, zolembedwa bwino papepala.

Poyamba tikumbutsane chifukwa chake nkhaniyi ili yaikulu. Boma lino limadziwika m'dziko lonse chifukwa cha mpunga wa Kilombero. Masikimu a Lufilya, Wovwe ndi Hara amadalira madzi otsika m'mapiri, ndipo mtsinje wa Wovwe, umene uchokera ku Nyika, umapukusanso makina a magetsi. Mitengo ikakhalapo pazitunda, mvula imalowa pansi pang'onopang'ono, ndipo mitsinje imayenda mpaka m'chilimwe. Mitengo ikatha, madzi amatsika tsiku limodzi atasenza mchenga, nakwirira ngalande za m'masikimu. Anthu okhala m'mbali mwa North Rukuru, Lufilya ndi Songwe safuna wowauza za kusefukira kwa madzi. Akulu adati madzi saiwala khwawa. Munthu wootcha makala paphiri amapeza ndalama za sabata imodzi, koma amene alipira ndi mlimi wa mpunga wa kuchigwa.

Tsono nkhalangozi n'za yani? M'nthawi ya atsamunda malo ambiri otere adadulidwa malire popanda kufunsa eni dera, ndipo munthu wotola nkhuni pamalo pamene makolo ake ankatola adasanduka wakuba. Kuyambira pamenepo anthu adazolowera kunena kuti "za Boma", kutanthauza kuti zopanda mwini. Ngakhale tsiku lodzala mitengo m'dziko muno lidayamba mu 1976, mtima umenewu sudachoke, pakuti tidaphunzitsa anthu kudzala, koma sitidawapatse mau pa nkhalango zimene zidalipo kale.

Malamulo adasintha. Mu 1996 Boma lidayesa kusamalira nkhalango pamodzi ndi anthu ku Chimaliro m'boma la Kasungu ndi ku Liwonde m'boma la Machinga. Lamulo la za nkhalango la 1997 lidaloleza makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe, ndiponso lidapatsa mkulu wa za nkhalango mphamvu yochita pangano ndi anthu. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 lidatsitsira mphamvu kumakhonsolo. Pambuyo pa 2005, ndi chithandizo cha bungwe la European Union, njira imeneyi idafika ku Vinthukutu. Nkhalango inkagawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse ndi komiti yake, ndipo pa ndalama zochokera m'ziphaso, magawo 60 pa 100 ankatsala kwa anthu, 30 ankapita ku Boma, 10 ku bungwe loyang'anira nkhalango yonse. Mu 2020 lamulolo lidakonzedwanso, ndipo zilango za owononga nkhalango ndi ogulitsa makala opanda chiphaso zidakwera.

Choncho mafumu ndi makomiti akamapempha kuti akhale ndi mau pa malo amenewa, sakupempha chifundo ayi. Akupempha chimene lamulo lidawapatsa kale. Sakupemphanso kuti nkhalango igawidwe minda. Malo akhalabe a Boma, a mtundu wonse wa Amalawi. Chimene chitsikira kumudzi ndi udindo wolondera ndi ufulu wokolola mwa dongosolo: nkhuni zouma, udzu wofolera, bowa, uchi ndi mankhwala.

Kwa inu ogwira ntchito m'Boma ndinena izi. Pangano limene latsekeredwa m'kabati ya muofesi silitchinjiriza mtengo ngakhale umodzi. Liwerengedwe pabwalo la mfumu, m'Chinkhonde ndi m'Chitumbuka, kuti mayi wotola nkhuni adziwe tsiku lake ndi malire ake. Komiti ikagwira galimoto ya makala, musaichititse manyazi pomasula galimotoyo usiku. Mukatero kamodzi kokha, simudzaonanso munthu wa m'mudzi akudzuka kukazima moto wa m'tchire.

Kwa inu atsogoleri a chipani, musalonjeze anthu minda m'nkhalango pofuna kutchuka. Musaike abale anu m'makomiti. Komiti isankhidwe ndi mudzi wonse, amayi akhalemo ndithu popeza ndiwo amayenda mtunda wautali nkhuni zikasowa, ndipo msungichuma aziwerenga ndalama poyera.

Kwa inunso mafumu ndi makomiti, mphamvu imadza ndi katundu wake. Ngati mwana wa mfumu ndiye wadula mtengo wauwisi, mlandu wake uweruzidwe monga wa munthu wina aliyense. Chithandizo cha kunja chimatha, monga chidathera cha ku Vinthukutu, ndipo komiti imene imakumana chifukwa cha ndalama za msonkhano imafa tsiku lomwe galimoto ya alendo yachoka.

Pomaliza ndikupempha kuti mvula isanayambe, mudzi uliwonse woyandikana ndi nkhalango ukhale pansi ndi mlangizi wa za nkhalango, uone ngati pangano lake lilipo, ulambule njira zotchinga moto, ndipo ulembe maina a olondera. Mutu umodzi susenza denga. Boma lili ndi lamulo, inu muli ndi maso. Ziwirizi zikakumana, zidzukulu zathu zidzadya mpunga wa Karonga.