Pamene Phindu Limalekezera: Masamu a pa Gombe la Salima

Munthu wofika pa gombe la Senga Bay, m'boma la Salima, dzuwa lisanatuluke, amapeza mabwato akubwerera ku dooko. Asodzi amene achezera usiku wonse ndi chilimira amatsitsa usipa, amayi amauyanika pa thandala, ndipo amalonda amanenerera mtengo. Anthu onsewa ali ndi funso limodzi, ngakhale salitchula: kodi munthu alekezere pati kuti apindule koposa? Nthambi ya masamu yotchedwa calculus imayankha funso lotere.

Maziko ake ngosavuta. Munthu akamakwera phiri, phazi lililonse limamukweza. Akafika pansonga, phazi lotsatira silimukwezanso, ndipo akapitirira amayamba kutsika. Calculus imayeza m'mene chinthu chimasinthira pamene chinzake chasunthidwa pang'ono, ndipo imafunafuna malo amene kusinthako kwafika pa 0. Pamenepo ndiye pansonga, ngakhale kuti wowerengera ayenera kuyang'ana mbali zonse ziwiri, popeza pansi pa chigwa naponso mpathyathyathya. Pierre de Fermat wa ku France anapeza njira yotere m'zaka za m'ma 1630. Isaac Newton wa ku England ndi Gottfried Leibniz wa ku Germany anaikulitsa, aliyense payekha, ndipo Leibniz anasindikiza njira yake m'chaka cha 1684.

Chitsanzo choyamba nchokhudza malo. Mayi wina ali ndi waya wotalika mamita 40, ndipo akufuna kutchinga malo oyanikira nsomba kuti agalu asalowemo. Mbali imodzi ndi khoma la nyumba, motero waya ukufunika mbali zitatu zokha. Akachoka pakhoma mamita 8 uku ndi uku, kutsogolo kumatsala mamita 24, ndipo malowo amakwana masikweya mita 192. Akachoka mamita 9 amapeza 198. Mamita 10 amapeza 200. Mamita 11 amabwerera pa 198. Mita yoyamba yowonjezera inabweretsa 6, yachiwiri 2, yachitatu inachotsa 2. Calculus siyeserera chonchi. Imati: mtunda wochoka pakhoma ukatchedwa x, kusintha kwa kukula kwa malo ndi 40 kuchotsa 4x, ndipo kumafika pa 0 pamene x ali 10. Waya ndi yemweyo, koma kamangidwe ndi kamene kampatsa mayiyo malo aakulu.

Chitsanzo chachiwiri ncha malonda, ndipo mitengo yake ndi yongoyerekeza. Wamalonda amagula usipa wouma ku Senga Bay nakaugulitsa ku Lilongwe. Ndowa iliyonse imamudyera K6,000 pamodzi ndi yoyendera. Akamagulitsa pa K10,000, ndowa 20 zimatha pa sabata, ndipo phindu lake ndi K80,000. Waona kuti akakweza mtengo ndi K1,000, ndowa ziwiri zimatsala. Pa K12,000 amagulitsa 16 napindula K96,000. Pa K13,000 amagulitsa 14 napindula K98,000. Pa K14,000 amagulitsa 12 ndipo phindu limatsikira pa K96,000. Apanso pali nsonga. Wogulitsa motchipa amataya ndalama pa ndowa iliyonse. Wokweza mopyola amathamangitsa ogula. Mtengo wabwino uli pamene phindu la kukweza lalingana ndi kutaya kobwera chifukwa cha ogula othawa.

Koma nkhani yaikulu ili m'nyanja momwemo. Msodzi amaganiza kuti maukonde akachuluka nsombanso zichuluka, ndipo poyamba zimaterodi. M'chaka cha 1954 katswiri wa za nsomba wa ku America, Milner Schaefer, anafotokoza mwa masamu chimene chimatsatira. Nsomba zikadzadza m'madzi siziwonjezeka msanga, chifukwa zimalimbirana chakudya. Zikachepa kwambiri siziwonjezekanso msanga, chifukwa zoswana nzochepa. M'kuwerengera kwake, nsomba zimawonjezeka msanga koposa pamene zatsala theka la zimene madziwo angathe kusunga. Usodzi wotenga zowonjezekazo zokha ukhoza kupitirira chaka ndi chaka. Usodzi wopyola pamenepo umadya mbewu, ndipo bwato lililonse lowonjezera limachepetsa nsomba za onse.

M'chaka chomwecho katswiri wa za chuma wa ku Canada, H. Scott Gordon, anaonjezera mfundo ina. Bwato limadya mafuta, ukonde umang'ambika, alovi amafuna malipiro. Motero phindu lalikulu limapezeka mabwato asanafike pa chiwerengero chogwira nsomba zambiri koposa. Anasonyezanso kuti pamene madzi alibe mwini wowasamala, anthu amangolowa mpaka phindu lonse litatha, popeza aliyense amaona zake zokha. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Zimenezi zinaoneka m'dziko muno. Nyanja ya Malombe, m'boma la Mangochi, inali yotchuka ndi chambo. Makoka a maso ang'onoang'ono atachuluka, chambo chinatha pafupifupi chonse pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. M'chaka cha 1993 boma linayamba kugwira ntchito pamodzi ndi makomiti a asodzi a m'midzi ya kumeneko, ndipo lamulo la za usodzi la 1997 linapereka mpata woti anthu a m'midzi azisamala nawo nsomba. Koma nsomba zikatsetserekera tsidya lina la phiri, kubwerera kwake nkochedwa.

Ku Salima komweko kuli chitsanzo chosiyana. Pa chilumba cha Mbenji, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, usodzi umatsekedwa mu Disembala ndipo umatsekulidwa mu Epulo, mwambo umene unayamba m'zaka za m'ma 1950. Nthawi yotseka ikakwana asodzi onse amachoka pachilumbapo, ndipo utaka umaswana mwamtendere. Mafumu amene anakhazikitsa lamuloli sanalembe x pa pepala. Anazindikira kuti kusodza miyezi 12 kungabweretse nsomba zochepa kuyerekeza ndi kusodza miyezi 8. Imeneyo ndiyo mfundo ya nsonga ya phiri.

Masamu amathandiza mwambo wotere ponena malo enieni pamene nsongayo ili. Koma sangathe kutero popanda manambala oona. Nchifukwa chake alangizi a za usodzi amayenda m'madooko kulemba mabwato, maukonde ndi nsomba zogwidwa. Msodzi wobisa nsomba zake kwa mlangizi amasokoneza kuwerengera kumene kukanateteza ana ake. Ndiponso nyanja si mpanda wa waya: mvula, mwera ndi kukwera kapena kutsika kwa madzi zimasuntha nsongayo chaka ndi chaka, motero wanzeru amaima asanaifike.

Mwana wa sukulu wa ku Senga Bay, Chipoka kapena Chikombe amene adzakumane ndi calculus asaiyese chinthu chachilendo. Mayi wake poyeza malo a thandala, mlongo wake poika mtengo wa usipa, ndi mfumu yake potseka chilumba, onse anayamba kale kuwerengera komweko. Iye adzangophunzira kukulemba ndi kukutsimikiza.