Mau kwa Makolo ndi Aphunzitsi: Mwana Wosaona Bwino Zilembo

Makolo ndi aphunzitsi, m'sukulu zambiri muli ana amene amakwapulidwa kuti ndi aulesi, pamene colakwa cili m'maso mwao. Bvuto lina lotere madokotala amalicha astigmatism.

Kutsogolo kwa diso kuli kakhungu kooneka ngati galasi, kamene kuwala kumalowera. M'diso labwino kakhunguka ndi kobulungira mofanana mbali zonse ngati mpira, ndipo kuwala kumakomana pa malo amodzi kumbuyo kwa diso. Koma mwa ana ena kamapindika ngati dzira, mbali ina koposa inzace. Cifukwa cace kuwala sikukomana pamodzi, ndipo zinthu zapafupi ndi zapatali zomwe zimaoneka mwacimbuuzi.

M'kati mwa diso muli minofu imene imakoka kagalasi kena kuti munthu aone capafupi. Mwana amaikakamiza minofuyi tsiku lonse, koma singathe kuongola kupindika kotere. Ndico cace amatsinzina, amapendeketsa mutu, amatikita m'maso, ndi kudandaula mutu akaweruka.

Makanda ambiri amabadwa ndi bvutoli, ndipo mwa ambiri limacepa lokha m'zaka zoyamba. Coopsa ndi pamene likhalabe lalikulu. Ubongo wa mwana umaphunzira kuona kufikira zaka 7 kapena 8. Ukazolowera cimbuuzi pa msinkhu umenewu, diso limafooka, ndipo magalasi opatsidwa mocedwa sathandiza kweni-kweni.

Cithandizo cace ncakale. M'caka ca 1801 Thomas Young wa ku England analongosola bvutoli m'diso lace lomwe, ndipo mu 1825 George Airy anapangitsa galasi loliongola. Lero mwana amapimidwa ndi kulembedwa magalasi omuyenera yekha. Magalasi a agogo kapena ogula pa msika sagwira nchito imeneyi.

Mphunzitsi acite cotere: aimike mwana mamita 6 kucokera pa bolodi, amphimbe diso limodzi, awerenge, kenaka linzace. Akalephera, amkhazike kutsogolo ndi kuuza makolo. Makolo apite naye ku cipatala ca boma lao, kumene angawatumize kwa odziwa za maso, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Nkhoma. Musadonthezere mankhwala a zitsamba m'maso. Saongola diso, ndipo ena amapsereza.

Mwana akalandira magalasi, abvale masiku onse, ndipo anzace asamseke.