Za Kubzala Mapapaya Pakati pa Mango ndi Malalanje

Wobzala mango kapena malalanje amalinda zaka 4 kapena 5 asanalawe chipatso, ndipo ambiri amataya mtima nalekerera mundawo, moto wolusa nuupsereza. Langizo langa ndi ili: pakati pa mizere bzalani mapapaya motalikirana mayadi 3. M'malo otentha papaya amabala chaka chisanathe, ana nadya, otsala nagulitsidwa kumsika. Pomupalira ndi kumuthirira, mwasamalanso mango. Siyani papaya wamwamuna mmodzi pa aakazi 10, ndipo pewani malo a lowe, pakuti mizu yake imaola msanga. Mango akayamba kuchita mthunzi, dulani mapapayawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma wodekhayo asagone ndi njala.