Fupa ndi Citsulo: M'mene Zigwirirana

Lero tikamba za titaniyamu, citsulo cimene madokotala amaika m'thupi la munthu pamene fupa la m'ciuno lathetheka kapena dzino laguluka.

M'caka ca 1952 dokotala wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, anaika kacidutswa ka titaniyamu m'fupa la mwendo wa kalulu pofuna kuona kayendedwe ka mwazi. Pamene anati akacotse, anapeza kuti fupa lakakamira kolimba. Pofika 1965 iye anali atamuikira munthu woyamba mizu ya mano ya citsulo cimeneci. Thupi silikana titaniyamu cifukwa ikakhudzana ndi mpweya imadzikuta ndi khungu lopyapyala loletsa dzimbiri.

Koma kusakanidwa pakokha sikukwanira. Inu amene munamatako nyumba mudziwa kuti dothi limagwira polowa pakati pa mitengo. Pa thabwa losalala limangogwa. Momwemonso fupa. Citsulo cosalala cikhoza kuyamba kugwedera, ndipo wodwala amamva ululu kufikira atamng'ambanso kaciwiri.

Cifukwa cace akatswiri amakuta citsuloco ndi nkhope ya timabowo. Ena amawaza ufa wa titaniyamu wosungunuka ndi moto waukali. Ena amaocerera timikanda ta citsulo pamwamba pace. Masiku ano makina osindikiza a 3D amaumba citsulo conse ciri ndi timabowo kale. Nthawi zina amapakanso hydroxyapatite, ndiwo mcere wa kashiamu ndi fosifeti umene fupa lenileni limapangidwa nawo.

Ukulu wa timabowoto uli ndi muyeso. Fupa limamera bwino m'timabowo ta pakati pa milimita 0.1 ndi 0.4, pakuti m'menemo timitsempha ta mwazi timapeza njira ndi kudyetsa fupa latsopano. Tikacepa kwambiri, fupa sililowa. Tikakula ndi kuculuka, citsulo cimafooka. Kuonjezera apo, malo amene fupa limakonda tizirombo ta matenda timawakondanso, ndipo tikabisala m'menemo mankhwala amavutika kutifikira. Ndico cifukwa cace cipinda ca opaleshoni cifunika ukhondo wosanyengerera.

Fupa limatenga milungu ingapo kuti limere m'timabowo. Tsono ngati mbale wanu aikidwa citsulo cotere, mthandizeni kusunga malangizo a dokotala ndi kuleka fodya, pakuti fodya amacedwetsa kupola kwa fupa. Tsalani bwino kufikira phunziro lotsatira.