Njinga Yoyamba ya Mpikisano

Nkhani ya lero ndi ya njinga. Si njinga yakuda ija imene imasenza thumba la chimanga kunka kuchigayo ai, koma ina ya matayala opyapyala ndi mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, imene idapangidwira liŵiro lokha. Mnyamata kapena mtsikana amene wasunga ndalama chaka chathunthu, mwinanso wagulitsa mbuzi zake, kuti aloŵe m'mipikisano, mwayi wogula ali nawo umodzi. Akalakwitsa ndalama zapita, ndipo njingayo imathera kutsamira khoma kuseri kwa chitseko.

Mipikisano imene woyamba kumeneyu angailakalake ilipo ya mitundu iŵiri. Wina ndi wa pamsewu, umene opalasa onse amanyamukira pamodzi. Wina umatchedwa triathlon, ndipo m'menemo munthu amasambira, kenaka n'kupalasa njinga, pomaliza n'kuthamanga wapansi, zonsezo motsatizana osapuma. Triathlon ya makono idayambira ku San Diego, m'dziko la America, pa 25 September 1974, ndi anthu 46 okha, ndipo idaloŵa m'maseŵera a Olympic ku Sydney m'chaka cha 2000. Pa muyeso wa Olympic munthu amasambira kilomita imodzi ndi theka, kupalasa makilomita 40 ndi kuthamanga makilomita 10. Pafupifupi theka la nthaŵi yonse limathera pa chishalo, n'chifukwa chake kusankha njinga kuli nkhani yaikulu.

Msampha woyamba ndi wokongola ndithu. Pali njinga zopangidwira triathlon yokha, za timitengo tiŵiri toloza kutsogolo, pamene wopalasa amagoneka mikono kuti thupi lake ling'ambe mphepo. Timitengoti tidatchuka m'chaka cha 1989. Pa tsiku lomaliza la mpikisano wa Tour de France, Greg LeMond wa ku America adali kumbuyo kwa Laurent Fignon wa ku France ndi masekondi 50. Tsikulo aliyense adapalasa payekha makilomita 24.5 kuchokera ku Versailles kufika ku Paris. LeMond adagonera pa timitengo tija, pamene Fignon adalibe, ngakhale chipewa sadavale. Pofika ku Paris LeMond adali atapambana mpikisano wonse, wa makilomita oposa 3,000, ndi masekondi 8 okha.

Komatu wogula njinga yoyamba asatengeke ndi nkhani imeneyi. Malamulo salola timitengo totere pa mpikisano wonyamukira pamodzi, pakuti manja amakhala kutali ndi mabuleki, ndipo mmodzi akagwa amagwetsa gulu lonse. Njinga ya triathlon imavutanso pokhota ndi potsetsereka. Pa msewu wa maenje, umene mbuzi imadumphiramo osaodira, ndi yoika moyo pachiswe. Njinga wamba ya mpikisano, ya mahandulo opindika aja, imaloledwa konse kuŵiri. Wofuna timitengo angagule tomangirira ndi mabawuti pambuyo pake, n'kumatiika pokhapokha pamene malamulo a mpikisanowo alola.

Chachikulu kuposa dzina la kampani ndi mtundu wa penti ndi ichi: kodi njingayo ikulingana ndi thupi la mwini wake? Njinga yakuda, bambo ndi mwana wao amabwerekana osadandaula, pakuti ulendo wake ndi waufupi ndi wapang'onopang'ono. Ya mpikisano ili ngati nsapato. Pa ola limodzi mwendo umazungulira nthaŵi zoposa 5,000, ndipo cholakwika cha masentimita aŵiri chimasanduka bondo lotupa, khosi louma ndi manja adzanzi. Mafelemu ambiri amalembedwa 50, 52, 54 kapena 56. Munthu wotalika masentimita 170 mpaka 175 kaŵirikaŵiri amalingana ndi 54, ngakhale makampani amasiyana pang'ono pa kayesedwe kao. N'chifukwa chake kuikwera n'kuzungulira nayo kumaposa kuŵerenga nambala.

Kuyesa kwake sikulira makina. Munthu aime chopanda nsapato, msana kukhoma, apane buku pakati pa miyendo, ndipo mnzake ayese kuchokera pansi kufika pamwamba pa bukulo. Nambala yopezekayo aichulukitse ndi 0.883, monga ankalangizira LeMond yemwe uja, ndipo yankho lake ndi kutalika kwa chishalo kuyambira pakati pamene pamazungulira mapedulo. Wa miyendo ya masentimita 80, chishalo chake chidzakhala pa masentimita 70 ndi theka. Wosafuna masamu akhale pa chishalo, aike chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uyenera kuwongoka popanda chiuno kupendekeka. Akagwira mahandulo, zigongono zikhale zopindika pang'ono, osati zokokeka ngati akuthyola mango a kunsonga. Ndipo ngati mafelemu aŵiri akumkayikitsa, asankhe yocheperapo, pakuti yaing'ono amaikuza pokweza chishalo ndi kutalikitsa khosi la mahandulo, koma yaikulu palibe mmisiri angaichepetse.

Za kulemera kwa njinga zimatha malovu ambiri kuposa phindu lake. Bungwe loyang'anira mipikisano ya njinga pa dziko lonse, la UCI, sililola njinga yopepuka kuposa makilogalamu 6.8. Njinga yoyambira, ya felemu ya aluminiyamu, imalemera pakati pa makilogalamu 9 ndi 11, ndipo kwa munthu wozoloŵera njinga yakuda imeneyi ili ngati nthenga. Pa msewu wathyathyathya mdani wamkulu ndi mphepo yomenya thupi la wopalasa. Felemu ya kaboni ndi yopepuka, inde, koma ikagwa imatha kung'aluka m'kati kunja kukuonekabe bwino, ndipo wowotcherera zitsulo pamsika sangaithandize. Yogwiritsidwa kale ntchito ya mtundu umenewu, wogula koyamba aisiye.

Tsono pali funso limene sitolo ya mumzinda siimufunsa wogula: njingayi ikaonongeka ku Ntchisi, ku Rumphi kapena ku Nsanje, zipangizo zidzachokera kuti? Ambiri amadabwa tsiku limene tayala laphulika. Gudumu la njinga ya mpikisano limatchedwa 700C, ndipo mkombero wake ndi wa mamilimita 622, pamene la njinga yakuda, la mainchesi 28, ndi la mamilimita 635. Pooneka ngati n'zofanana, koma tayala la inzake silikhala. Nako kachitsulo kopopera mpweya n'kosiyana. Ka njinga ya mpikisano n'kowonda, dzina lake Presta, ndipo si pampu iliyonse imene imakagwira popanda kolumikizira. Wanzeru amagula machubu aŵiri kapena atatu tsiku lomwelo logula njinga. Matayala a mamilimita 28 kapena 32 m'lifupi amapirira phula losweka kuposa opyapyala a 23 amene adali m'fasho kale, malinga felemu ikhale ndi mpata wake.

Magiya naonso asamnyenge ndi kuchuluka. Zipangizo zotsika mtengo za kampani ya Shimano, monga Claris ya magiya 8 kumbuyo ndi Sora ya magiya 9, zili pa njinga zambiri zoyambira, ndipo tcheni chake n'cholimba, chosavuta kupeza kusiyana ndi cha magiya 12. Chofunika ndi giya yopepuka yokwerera mtunda. Amene adakwerapo msewu wa ku Chawe kuchokera mumzinda wa Zomba, kapena chikweza cha Golomoti, akudziŵa chimene chikunenedwa pano. Magudumu a mano akutsogolo akhale a 50 ndi 34, ndipo lalikulu lakumbuyo likhale la mano 32 kapena 34. Mabuleki oyendera waya, mmisiri aliyense wa pansi pa mtengo amawakonza. Oyendera mafuta amagwira bwino pa mvula, koma amafuna zida ndi mafuta akeake.

Ambiri adzagula yakale, ndipo palibe manyazi pamenepo. Wogula apite ndi mmisiri amene amamkhulupirira, ayang'ane ming'alu m'malo olumikizira felemu, azungulitse magudumu kuona ngati akuyenda njokanjoka, ndiponso aone mano ngati adasongoka ndi kutha. Afunsenso umboni wa umwini, poti njinga yotchipa modabwitsa mwina mwini wake akuisaka.

Ndalama zonse zisathere pa njinga. Pafunika kabudula wa thonje pokhalira, botolo la madzi, pampu yaing'ono ndi chipewa choteteza mutu. Pa triathlon chipewacho ndi lamulo: wopikisana akatuluka m'madzi, ayenera kuchivala ndi kumanga lamba wake asanachotse njinga pamene adaikoloŵeka, ndipo sachimasula kufikira ataibwezera pamalo pake.