Mau Onenedwa pa Msonkhano wa ku Zomba: Za Mbiri ya Munthu pa Bwalo la Milandu



Tithokoza kuti mwatipatsa malo tinene za chinthu chimene chivuta oweruza onse, ndicho ichi: munthu akaimbidwa mlandu wakuba mbuzi, kodi nkoyenera kuti mboni iuze bwalo kuti munthuyo anaba nkhuku zaka zapitazo?

Lamulo la dziko lino la milandu ndi umboni, lochedwa Criminal Procedure and Evidence Code, liti iai. Mbiri yoipa ya woimbidwa mlandu siloledwa kukhala umboni womtsutsa, pokhapokha iye mwini atayamba kudzitama pabwalo kuti ali munthu wolungama. Pamenepo watsegula yekha chitseko, ndipo omneneza akhoza kumyankha. Milandu yake yakale imveka pambuyo, atapezeka wolakwa, pofuna kuyesa kukula kwa chilango.

Tidziwa kuti ena a inu mudzati, Nanga ife mafumu, amene tidziwa munthu aliyense wa m'mudzi chibadwire chake, tidziyese osadziwa? Mau amenewa ali ndi nzeru, pakuti pa milandu ya maukwati ndi ya minda, imene cholinga chake ndicho kuyanjanitsa abale, kudziwa anthu kuthandiza ndithu. Koma mlandu wopita nao munthu kundende uli wina. Woweruza akamva kuti uyu ndi mbala yakale, mtima wake watha kale kuweruza, mboni zisanalankhule. Ndipo mbala yeniyeni igona mtendere kwao, podziwa kuti alipo womsenzera katundu.

Tisaiwale zimene dziko lino linaona. M'chaka cha 1969, pakuchitika kuphana kwa ku Chilobwe, Boma linapatsa makhoti a miyambo, m'mene munali kukhala mafumu, mphamvu yakuzenga milandu yaikulu, osamangika ndi malamulo a umboni, ndiponso osalola loya kuimira woimbidwa mlandu. M'chaka cha 1977 khoti lotere linazenga mlandu woukira Boma wa Albert Muwalo, amene anali mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, ndi Focus Gwede, mkulu wa Special Branch. Linalandira makalata opanda dzina la mwini wake, ndi kunena kuti utsi sufuka popanda moto. Anthu awiriwa anali kuopedwa ndi kudedwa, pakuti ambiri anatsekeredwa ku Mikuyu m'masiku a mphamvu yao, ndipo owerengeka okha anawamvera chisoni. Muwalo ananyongedwa m'ndende ya pano pa Zomba. Koma njira imene inatsegukira munthu wodedwa sinatsekeke: m'chaka cha 1983 khoti la mtundu womwewo linaweruza Orton Chirwa ndi mai Vera Chirwa kuti aphedwe, ndipo Orton anafera m'ndende yomweyo mu 1992.

Makhoti aja anaimitsidwa mu 1993, ndipo Malamulo Aakulu a 1994 ati munthu ayesedwe wosalakwa kufikira mlandu wake utatsimikizika.

Chifukwa chake tipempha Mafumu athu kuti mboni ikayamba kunena zakale, muidule mwaulemu ndi kuifunsa, Munaona chiyani tsiku lija, munali pati, ndipo munali ndi yani? Amene ife takhala pansi pa phiri ili tidziwa kuti m'mawa nkhungu ioneka ngati utsi, pamene palibe moto konse.